Kalulu akasiya kudya: zoyang'ana, zochita lero lomwe, ndi chimene chimabweretsanso vutoli

Kalulu amene ali bwino sakhalitsa osatafuna kanthu. Amadya pang'ono, kupuma, kudyanso, makamaka m'bandakucha ndi chakumadzulo, ndipo pansi pa khola pamadzaza zitosi tsiku ndi tsiku. Ndiye mukafika m'mawa n'kupeza udzu wa dzulo uli mmene munausiyira, madeya osakhudzidwa, mwini wake atadzipinda pakona maso atatsinzina pang'ono, musadzilimbitse mtima kuti adya njala ikamuwawa. Galu atha kunyanyala nsima tsiku lathunthu, mawa n'kudzuka ali gwa. Kalulu sizitero. Akatha maola 12 osadya komanso osachita zitosi, nkhani yafika pofuna changu. Akadutsa maola 24, moyo wake uli pachiswe.

Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka mimba yake. Matumbo a kalulu amayenda bwino pokhapokha mukamalowa chakudya chokhakhala monga udzu. Chakumapeto kwa matumbowo kuli thumba lalikulu, loposa chifu chenichenicho, mmene mumakhala tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso timene timaphwanya udzuwo. Chakudya chikasiya kulowa, matumbo amafooka, zimene zili m'katimo zimauma n'kugwirana, tizilombo toipa timachuluka n'kuyamba kutulutsa mpweya. Mpweyawo umapweteka, ululu umamuletsa kudya, ndipo posadyapo matumbo amaimiratu. Kalulu sangathe kusanza, choncho chimene chalowa chiyenera kutulukira kumbuyo basi. Kwa kalulu wonenepa pamabwera vuto lina pamwamba pa limeneli: akakhala ndi njala, mafuta a m'thupi amathamangira kuchiwindi n'kuchiwononga m'masiku ochepa chabe.

Dziwaninso kuti kalulu amabisa matenda. Kutchire wooneka wofooka ndi amene amayamba kugwidwa, ndiye chibadwa chake n'chodzionetsa ngati ali bwino mpaka zitamukanika. Pamene inu mukuona kuti sakudya, iye anayamba kale kumva kupweteka.

Yambani ndi zitosi

Musanamugwire n'komwe, sesani pansi pa khola kapena yalanipo thumba loyera, kuti mudziwe zimene zikutuluka kuyambira pano. Zitosi za kalulu wathanzi zimakhala zozungulira, zofanana kukula, zouma, ndipo mukaphwanya chimodzi ndi zala chimayoyoka n'kuonetsa tizidutswa ta udzu. Zimachuluka kwambiri pa tsiku moti simungalephere kuziona.

Zikayamba kuchepa, kung'onopa, kuda ndi kulimba, ndiye kuti matumbo ayamba kufooka ngakhale kalulu akadali kudya. Apa mpamene vutoli limathetseka mosavuta, ndipo mpamene ambiri sitiyang'ana. Zikamatuluka zomangana ndi ubweya, chimodzi chikukoka chinzake, wameza ubweya wambiri podzinyambita ndipo udzu ukumuchepera. Zikasowa kotheratu, matumbo aima kapena atsekeka.

Pali mtundu wina wa zitosi umene umasokoneza anthu: tofewa, tonyezimira, tophatikana pamodzi, tonunkha kwambiri. Kumeneku sikutsegula m'mimba. Izi kalulu amazitulutsa nthawi yake n'kuzidyanso zisanagwe pansi, ndipo m'menemo ndi mmene amapezera mavitamini ndi zomanga thupi zina. Ndi chilengedwe chake, musamuletse. Koma mukamazipeza zambiri zitatsala m'khola kapena zitamatirira pansi pa mchira, ndiye kuti akudya madeya kapena mapeleti (chakudya chogula choumbidwa timibulu) ochuluka, kapena wanenepa moti sakufikira kumbuyo, kapena msana ukumupweteka. Matako omatirira amenewo muwatsuke ndi madzi ofunda ndi kuwaumitsa tsiku lomwelo, chifukwa ntchentche zikaikirapo mazira, mphutsi zimaswa pasanathe tsiku n'kuyamba kudya khungu.

Kutsegula m'mimba kwenikweni, kwa madzimadzi, kapena kotuluka zonanda zoyera, kapena kwa magazi, n'koopsa, makamaka kwa ana a kalulu. Tikambapo pansipa.

Gwirani mimba, gwirani makutu

Ikani kalulu patebulo kapena pamphasa, miyendo yake ili pansi, ndipo lowetsani manja mbali zonse ziwiri kuseri kwa nthiti. Musafinye. Chimene mumve apa ndi chimene chikuuzeni njira yotenga.

Ngati mimba yafufuma n'kulimba ngati ng'oma, makamaka kumanzere, ndipo zayamba mwadzidzidzi kwa kalulu amene anali bwinobwino maola ochepa apitawo, makutu ali ozizira, akukukuta mano mwamphamvu, akukanikiza mimba pansi kapena sakufuna kusuntha, ganizirani zoti thumbo latsekeka. Kawirikawiri chimatseka ndi kampukutu ka ubweya, njere, kapena kachidutswa ka nsalu kapena pulasitiki kamene anatafuna. Kalulu wotereyu musamukakamize chakudya, musamusisite mimba, musamumwetse mafuta ophikira monga ena amachitira ndi mbuzi yotupidwa. Zonsezi zimangowonjezera katundu m'chifu chimene chadzaza kale. Mufunditseni ndipo thamangani naye kwa dokotala wa ziweto. Apa palibe za kunyumba.

Ngati mimba ndi yofewa, kapena ikumveka yopanda kanthu, ndipo vutoli labwera pang'onopang'ono kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndiye kuti matumbo angofooka. Ikani khutu pamimbapo: kalulu wathanzi m'mimba mwake mumamveka kulira pang'ono. Mukakhala zii, kapena mukamalira mokweza modabwitsa, zonsezo ndi zizindikiro zoti zinthu sizikuyenda.

Kutentha kwa thupi la kalulu kumakhala pakati pa madigiri 38.5 ndi 40. Amene ali ndi choyezera, kukatsika pansi pa 38 adziwe kuti kalulu akulowa pansi. Opanda choyezera, makutu ndi zikhatho zozizira pa tsiku losazizira zikuuzani zomwezo.

Ngati mimba ndi yofewa: zochita pamene mukufunafuna thandizo

Choyamba ndi kufunda. Thirani madzi ofunda m'botolo, likulungeni m'chitenje, liikeni pambali pake m'katoni kapena m'dengu, ndipo musiyeni malo oti asunthe akamva kutentha. Kalulu wozizira sagaya chakudya, ndipo kumudyetsa asanafunde n'kutaya nthawi.

Chachiwiri ndi madzi. Zimene zauma m'matumbo zimafewa ndi madzi. Tengani sirinji yopanda singano, ya kufamase. Kuseri kwa mano akutsogolo kuli mpata wopanda mano. Lowetsani nsonga ya sirinji pamenepo chakumbali, thirani pang'ono, dikirani ameze, thiraninso. Kalulu akhale chokhala ndi miyendo yake. Musamugoneke chagada, chifukwa madzi akalowa m'mapapo mwayambitsa chibayo. Akapanda kumeza, madzi n'kumangotuluka m'mbali mwa kamwa, lekani.

Chachitatu, muyeseni ndi zimene amakonda. Chisoso chanthete, kholowa, masamba a karoti, masamba a mabulosi, kapinga wongothyola kumene. Mugwirizireni tsamba pamphuno, mumukhudze nalo pamlomo. Nthawi zina amaliluma chifukwa chonyansidwa, kenako n'kupitiriza kutafuna. Tsamba limodzi limene wadya yekha limandisangalatsa kuposa masirinji asanu okakamiza.

Akakanabe, mudyetseni ndi sirinji. Nyikani mapeleti a kalulu m'madzi ofunda mpaka asanduke phala lamadzimadzi. Ngati mulibe mapeleti, sinjani masamba a chisoso ndi udzu wanthete mu mtondo woyera, sakanizani ndi madzi ndi dzungu lophika lopanda mchere pang'ono. Dulani nsonga ya sirinji kuti phala lidutse. Mupatseni mamililita 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, maola anayi kapena asanu ndi limodzi aliwonse, usiku womwe, mililita imodzi pakamwa pamodzi. Phala la ufa wa chimanga ndi mkaka ayi, zimawonjezera mpweya.

Pakati pa zonsezi, msisiteni mimba mofatsa kuchokera kunthiti kupita kumchira, ndipo mutulutseni ayendeko pabwalo pamthunzi. Kuyenda kumadzutsa matumbo. Akatekeseka ndi kusisitako, msiyeni.

Zonsezi n'zomugwiriziza. Chimene chimatembenuza kalulu wodwala m'mimba kawirikawiri ndi mankhwala ochepetsa ululu, monga meloxicam, ndi madzi obaya pansi pa khungu, ndipo zimenezi amapereka ndi dokotala. Kumudzi pitani kwa alangizi a ziweto a ku EPA, ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu. Ku Lilongwe kuli chipatala cha ziweto cha LSPCA, ndipo m'mizinda ina muli madokotala oyima paokha. Pitani ndi zitosi zimene zatuluka komaliza, muzikulunge papepala, ndipo muwafotokozere zonse zimene kalulu wadya masiku atatu apitawa. Zikayamba kuyenda, zitosi zoyamba zimakhala ting'onoting'ono, topindika, nthawi zina tokutidwa ndi zonanda. Musakhumudwe nazo, ndi chizindikiro chabwino. Kubwerera mwakale kumatha kutenga masiku angapo, ndipo kudyetsa ndi sirinji musasiye kufikira akudya yekha mokwanira.

Makapisozi a m'nyumba amapha akalulu

Apa ndikupemphani ndi mtima wonse. Tinazolowera kuti nkhuku ikazyolika timatsegula kapisozi n'kuthira m'madzi akumwa. Kwa kalulu chizolowezi chimenechi n'chakupha. Amoxicillin, ampicillin, penicillin womwetsa, erythromycin, lincomycin ndi clindamycin amapha tizilombo tabwino ta m'thumba lija n'kusiya mtundu wina wotchedwa Clostridium, umene umachuluka n'kutulutsa poizoni. Kalulu amaoneka ngati wapezako bwino, kenako patatha masiku angapo amatsegula m'mimba mwamphamvu n'kufa, mwini wake n'kumati matenda aja anali aakulu. Ngakhale kusitolo ya mankhwala a ziweto, nenani momveka kuti ndi za kalulu, ndipo werengani okha zimene zalembedwa papaketi, chifukwa mankhwala ena a nkhuku amakhala osakaniza ndipo erythromycin amabisala m'menemo. Panado ndi Brufen nawonso musamupatse mongoyerekeza mlingo.

Wachira, koma mwezi wamawa zayambiranso

Vuto likamabwerera, gwero lake likadalipo. Nthawi zambiri limakhala m'mbale yodyera.

Madeya ndi otsika mtengo, kalulu amawakonda, ndipo amanenepetsa msanga, choncho ambiri tawasandutsa chakudya chenicheni, udzu n'kukhala chongolawa. Zimayenera kukhala mosemphana. Pa magawo 10 a chakudya cha kalulu, 8 akhale udzu, wauwisi kapena wouma, ndipo pa tsiku azipeza mulu wa udzu wofanana ndi thupi lake. Kenako masamba osiyanasiyana odzaza dzanja limodzi kapena awiri. Madeya kapena mapeleti abwere pomaliza, pang'ono: kwa kalulu wamkulu wosayamwitsa, magalamu 25 pa kilogalamu iliyonse ya thupi ndi okwanira. Woyamwitsa ndi ana okula amafuna ochulukirapo, koma udzu usachoke pamaso pawo. Mkute wa nsima, buledi, mabisiketi ndi chimanga chamaso musamupatse. Chakudya cha nkhuku za nyama nachonso ayi: chili ndi ufa wambiri, ndipo china amaikamo mankhwala oteteza nkhuku amene kwa kalulu ndi poizoni. Madeya onunkha chuku tayani, musawayanike n'kumati aphwa.

Vuto lachiwiri limabwera ndi mvula zoyamba. Kalulu amene wakhala miyezi akudya zouma mwadzidzidzi mwamuunjikira msipu wanthete wodzaza madzi, ndipo tizilombo ta m'mimba mwake sitinakonzekere. Chakudya chatsopano chilichonse chizilowa pang'onopang'ono, kwa sabata imodzi kapena ziwiri, chikusakanizidwa ndi chakale. Ana anu akamweta udzu m'mawa n'kuupanikiza m'thumba, pofika masana lowetsani dzanja pakati pa thumbalo: mumva kutentha. Udzu umenewo wayamba kusasa, ndipo ndi umene umatupitsa. Ukhuthuleni msanga, uyanikeni pamthunzi mame aume ndipo ufoteko, kenako mupereke. Muwafunsenso anawo kumene akumweta. M'mphepete mwa minda ya chimanga imene apoperamo mankhwala a mbozi kapena opha udzu, ndi m'madimba a tomato, musamachoke chakudya cha kalulu.

Pa zomera, pewani masamba a tomato, a mbatatesi, a mapeyala, a nsatsi, anyezi, ndi maluwa a lantana amene ambiri amatchingira mipanda. Chigwada chachiwisi chili ndi poizoni amene amachepa chikafota bwino, choncho ngati mulibe china chifotetseni tsiku lathunthu ndipo mupereke pang'ono. Lukina ndi wabwino pomanga thupi koma akachuluka amathothola ubweya ndi kuchotsa chilakolako cha chakudya. Kabichi ndi bonongwe zikhale zosakaniza ndi zina, osati zokhazokha tsiku lililonse.

Mano ndi chinthu chimene anthu ambiri saganizako. Mano onse a kalulu amakula moyo wake wonse, akutsogolo pafupifupi mamilimita 2 pa sabata, ndipo amaperepeseka pokhapokha akamatafuna udzu nthawi yaitali. Wodya madeya satafuna mokwanira, ndiye mano akumbuyo amamera nsonga zimene zimacheka lilime ndi masaya. Kalulu wa vuto la mano mumamudziwa chonchi: njala ali nayo, amathamangira chakudya, amatola tsamba, kulitembenuza pakamwa, kuligwetsa. Chibwano chimakhala chonyowa ndi malovu, diso limodzi limatha kumatuluka misozi, ndipo mukapapasa m'munsi mwa nsagwada mutha kumva totupa. Mano akutsogolo mutha kuwaona pokweza mlomo. Akumbuyo simungawaone popanda chipangizo cha dokotala. Musawadule ndi chowengera zikhadabo kapena pulayala, chifukwa dzino limang'ambika mpaka kumuzu n'kuchita mafinya. Kalulu amene anabadwa ndi mano osalumana musamuswetse, amapatsira ana.

Kutentha nakonso kumatseka pakamwa pa kalulu. Kukapitirira madigiri 30 amachepetsa kudya, amagona chotambalala, akupuma mofulumira. Amene muli ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi kapena Salima mukudziwa mmene October ndi November amakhalira pansi pa malata. Folerani udzu pamwamba pa malatawo, khola likhale pamthunzi podutsa mphepo, pachikani chiguduli chonyowa mbali imene kukuchokera mphepo, ndipo chakudya chambiri muzipereka madzulo kukazizira. Wolefuka ndi kutentha munyowetseni makutu ndi madzi wamba. Musamuviike m'madzi ozizira. Ndipo zoti kalulu samwa madzi, zimene ena amanena, si zoona. Amamwa mamililita 50 mpaka 150 pa kilogalamu ya thupi tsiku lililonse, woyamwitsa kuposa pamenepo. M'chilimwe, masamba auwisi akasowa, kusowa madzi kokha n'kokwanira kuimitsa matumbo.

Zina n'zachidule. Nthawi yothothoka ubweya mupeseni kapena mumupukute ndi manja onyowa tsiku lililonse. Galu wobwera kudzanunkhiza khola usiku, kusamutsidwa, kapena kufa kwa mnzake zimatha kumusiyitsa kudya. Wamkazi wa bere, limene limatenga masiku pafupifupi 31, amachepetsa kudya kutatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti aswe, koma samasiyiratu; akasiyiratu n'kufooka, makamaka ngati ndi wonenepa, afunika dokotala.

Ana otsegula m'mimba

Imeneyi ndi nkhani yakeyake, ndipo ndi imene imapulula makola. Ana atangosiya kuyamwa mpaka miyezi itatu amakhala ndi mimba yosakhwima. Mukaona mwana ali ndi ubweya wonyankhalala, mimba yaikulu koma msana wowonda, kumbuyo kuli konyowa, ganizirani za coccidiosis, dzina limene oweta nkhuku akulidziwa, ngakhale tizilombo ta kalulu n'tosiyana ndi ta nkhuku. Mtundu wina umagwira matumbo, wina chiwindi; amene munatumbulapo kalulu n'kupeza madontho oyera kapena achikasu pachiwindi, munaona ntchito yake.

Mpatuleni mwanayo, mufunditseni, mumwetseni Thanzi ORS pang'onopang'ono ndi sirinji, chotsani madeya ndi masamba amadzimadzi, musiyireni udzu wouma. Mankhwala ake ndi toltrazuril kapena sulfadimidine, pa mlingo umene alangizi akuuzeni, ndipo apatsidwe ana onse a m'kholamo, osati wodwala yekha. Mwana wotsegula m'mimba atha kufa tsiku lomwelo, ndiye musagone nazo.

Chimene chimathetsa vutoli kwenikweni ndi tsache. Mazira a tizilomboti amatuluka ndi zitosi, koma amafuna tsiku limodzi kapena awiri pamalo onyowa kuti akhwime n'kuyamba kupatsira. Mukamasesa tsiku lililonse mumawachotsa asanakhwime. Khola likhale lokwera, pansi pake pa nsungwi kapena timatabwa tosiya mipata kuti zitosi zizigwa. Udzu muziumanga n'kuupachika kapena kuuika m'kachitsatsa ka waya, usamakhale pansi poupondaponda. Mbale ya madzi itsukidwe tsiku lililonse. Ana musawachotse kwa mayi awo asanakwane masabata 6, ndipo pa sabata yosiyitsa kuyamwa musasinthenso chakudya.

Akalulu akuluakulu angapo akangofa mwadzidzidzi m'masiku ochepa, ena akutuluka magazi m'mphuno, imeneyo si nkhani ya chakudya. Pali matenda a vairasi otchedwa RHD, amene anapezeka ku South Africa mu 2022 ndipo ku Britain akalulu amabayidwa katemera wake chaka ndi chaka. Musagulitse kapena kusamutsa otsalawo, ndipo dziwitsani a zaziweto.

Udzu wa m'chilimwe umakonzedwa mvula ikamatha

Ambiri amagwa pa madeya okhaokha mu September chifukwa tchire lapsa ndipo palibe pomweta. Konzekerani mu March ndi April. Mwetani kapinga ndi udzu wina wofewa usanakhwimitse njere, uyanikeni masiku awiri kapena atatu mukuutembenuza, ndipo muuchotse padzuwa ukadali wobiriwirako. Potani kamtolo ndi manja: kakapanda kutulutsa chinyezi, wauma. Umangeni m'mitolo, muusunge pathandala m'nyumba yosadontha, osati pansi. Masamba ndi mitengo ya mtedza yotsala mukakolola, ndi mphukira za mbatata, zimasungika chimodzimodzi ndipo akalulu amazikonda. Amene ali ndi kamalo kuseri kwa bafa adzale nsenjere ndi mtengo umodzi wa mabulosi pamene pamapita madzi osamba opanda sopo wambiri. Mtolo uliwonse muununkhize musanapereke. Wonunkha chuku kapena wotulutsa fumbi loyera mukaugwedeza upite kukompositi.